Malume anabwerera ku Salima: kodi azidulidwabe ndalama za Medicare ya ku America?

Funso: Ndimakhala ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road. Malume anga anagwira ntchito yosamalira okalamba zaka 16 ku Indiana, ku America, ndipo anatenga unzika wa kumeneko. Anabwerera kumudzi zaka ziwiri zapitazo, anamanga nyumba cha kumsewu wa ku Senga Bay, ndipo amalandira penshoni ya Social Security. Mu Ogasiti akwanitsa zaka 65, ndiye kwabwera kalata ya Medicare yofunsa ngati akufuna Part B. Ana awo amene anatsala ku America akuti alembetse. Eni akewo akukana, akuti sangamadulidwe ndalama mwezi ndi mwezi pa chinthu chimene sichingawagulire ngakhale panado ku Salima kuno. Ali ndi shuga ndi BP. Za mapepala ndimawathandiza ndine. Tichite chiyani?

Yankho: Zikomo achemwali. Ndili kunjako ndinakhalapo zaka zingapo ndikulangiza okalamba za inshulansi ya boma imeneyi, ndipo mkangano umene uli pakhomo panuwu si wachilendo kwa ine. Ana ali uko akuti lipirani, kholo lili kuno likuti ndilipirirenji. Onse amakhala akunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yake.

Pa nkhani ya panado malume sakunama. Medicare siilipira chithandizo cholandirira kunja kwa America. Kaya agonekedwa pa chipatala cha boma ku Salima, kaya atumizidwa ku Kamuzu Central, kaya apita ku chipatala cholipira ku Lilongwe kapena ku India, khadi lija ndi pepala chabe. Timipata tochepa timene tilipo timakhudza anthu a m'malire a Canada ndi Mexico, osati ife a kunyanja kuno. Ndiye ngati pali mwana amene akuganiza kuti bambo akalembetsa azipita ndi khadi ku famase ya ku Salima kukatenga mankhwala a shuga, muuzeni msanga kuti asadzinamize.

Medicare inakhazikitsidwa mu 1965, pulezidenti ali Lyndon Johnson, ndipo inagawidwa m'zigawo. Part A ndi ya kugonekedwa m'chipatala. Part B ndi ya madokotala, zoyezayeza ndi chithandizo chimene munthu amalandira n'kubwerera kunyumba. Part D ndi ya mankhwala a ku famase. Palinso Part C, imene ambiri amaitchula kuti Medicare Advantage, pamene kampani ya inshulansi imasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Ziwiri zomalizazi ziikeni kaye pambali, chifukwa zimafuna kuti munthu azikhala m'dera limene kampaniyo ikugwirako ntchito. Wokhala ku Senga Bay sangalowe n'komwe, ndipo salipitsidwa chindapusa cha Part D pa nthawi imene ali kunja. Akadzabwerera kukakhazikika ku America amapatsidwa miyezi iwiri yoti alembetse.

Part A nayonso si yovutitsa mutu. Munthu amene anagwira ntchito n'kumadulidwa msonkho wa Medicare kwa zaka 10, zimene iwo amaziwerenga kuti makirediti 40, salipira kanthu pamwezi. Popeza malume akulandira kale penshoni ya Social Security chifukwa cha thukuta lawo, makirediti amenewo anakwana, ndipo Part A angowalembetsa okha popanda kupempha. Asaikane. Ndi yaulere, ndipo analipira kale ndi msana pa zaka 16 zonyamula nkhalamba za eni.

Nkhani yonse yagona pa Part B. Amene akukhala ku America n'kumalandira penshoni amangolowetsedwamo, wosafuna ndiye amachita kukana. Koma wokhala kunja zimatembenuka: samulowetsa, ayenera kuchita kunena yekha kuti ndikufuna. N'chifukwa chake kalata ija ikufunsa. Mukangoiika pansi pa matilesi osayankha, mwayankha kale kuti ayi.

Nthawi yolembetsa koyamba ndi miyezi 7: itatu usanafike mwezi wobadwa, mwezi wobadwawo, ndi itatu yotsatira. Kwa munthu wa mu Ogasiti ndiye kuti kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 30 Novembala. Akalembetsa Ogasiti asanafike, inshulansi imayamba pa 1 Ogasiti. Akalembetsa mu Ogasiti momwemo kapena pambuyo pake, imayamba mwezi wotsatira. Taonani kaye tsiku lobadwa pa pasipoti. Ngati ndi pa 1 Ogasiti penipeni, boma la kumeneko limawawerenga ngati akwanitsa zaka 65 mu Julayi, ndipo masiku onse ndatchulawa amasunthira m'mbuyo ndi mwezi umodzi. Ndikunena za pasipoti dala, chifukwa akuluakulu athu ambiri ali ndi tsiku limene amadziwa iwo ndi tsiku lina limene linalembedwa m'mapepala, ndipo kompyuta imadziwa la m'mapepala lokha.

Mtengo wake mu 2025 unali $185 pamwezi, ndipo mu 2026 unakwera kufika $202.90. Umakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo amangodula ku penshoni ndalama isanafike m'manja. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola, $185 ija inali ndalama yoposa K320,000. Mwezi uliwonse. Munthu amene akudziwa mtengo wa thumba la fetereza kapena la simenti sangamve zimenezi mtima uli m'malo, ndipo malume ndikuwamvetsa.

Chimene ana akuopa ndi chindapusa cha kuchedwa. Pa miyezi 12 iliyonse yathunthu imene munthu anali woyenera kukhala ndi Part B koma sanalembetse, amamuwonjezera 10 peresenti pa mtengo wa pamwezi, ndipo kuwonjezerako sikutha malinga ngati ali ndi Part B. Kukhala ku Malawi si chifukwa chimene amachimvera. Chipatala chaulere cha boma kwa munthu wopuma pantchito sachiwerenga, ngakhalenso sikimu ya zachipatala imene munthu wadzigulira yekha, monga ya MASM. Chimene amamvera ndi inshulansi ya gulu yochokera kuntchito imene munthuyo, kapena mkazi wake, akuigwira panthawiyo. Zikatero amapatsidwa miyezi 8 ntchito kapena inshulansiyo ikatha kuti alembetse popanda chindapusa. Malume akungoyang'anira munda wawo ndi nyumba, ndiye khomo limeneli si lawo.

Koma tiyeni tiwerengetsere, chifukwa chindapusachi anthu amachiopa mopitirira. Titenge mtengo wa 2025 ngati kuti sukusintha. Malume akakhala zaka 5 osalembetsa, apulumutsa $2,220 pachaka, zonse pamodzi $11,100. Akadzalembetsa ali ndi zaka 70, chindapusa ndi 50 peresenti, kutanthauza $92.50 pamwezi, kapena $1,110 pachaka. Kuti chindapusa chimenecho chidye $11,100 ija pafunika zaka 10. Ndiye kuti mpaka atafika zaka 80 amakhala asanaluze. Zoona, mtengo umakwera ndipo chindapusa chimakwera nawo, choncho zaka 10 zija zimafupikirako, koma chithunzi chake ndi chimenecho. Chikanakhala chindapusa chokha, bwenzi ndikuti malume apambana mlandu, nkhani yatha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china, ndipo ana ambiri sachitchula chifukwa sachidziwa. Ikadutsa miyezi 7 ija, khomo la Part B limatseguka kamodzi kokha pachaka, kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Malichi, ndipo inshulansi imayamba mwezi wotsatira munthu atalembetsa. Matenda sayang'ana kalendala.

Ndikukumbukira mayi ena a kwathu konkuno amene anabwerera kumudzi atapuma pantchito, n'kukana Part B pa zifukwa zomwezi. Patapita zaka zitatu anamva kachotupa m'bere. Ana anasonkherana, n'kuwagulira tikiti, anafika kumeneko kumapeto kwa Epulo. Anabwera pa tebulo langa ndi mwana wawo wamkazi, atavala juzi ziwiri ngakhale kunja kunali kutayamba kufunda, khadi lawo la Medicare atalikulunga m'kapulasitiki pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala ka kuno. Anandipatsa ndi manja awiri. Nditaliyang'ana, panali mzere umodzi wokha, wa Part A. Ndinayenera kuwauza kuti kulembetsa kunatsekedwa milungu inayi yapitayo, kuti adikire Januwale, ndipo inshulansi idzayamba pa 1 Febuluwale. Mwana uja anawerenga miyezi ndi zala, anafika pa 9, n'kungoti kukamwa yasa. Mayiwo sanalankhule kanthu, anangobweza khadi lija m'kapulasitiki.

Mwina mungafunse kuti nanga Part A yaulere ija sinawathandize bwanji. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Part A imalipira bedi, chakudya ndi unamwino munthu akagonekedwa, ndipo ngakhale pamenepo wodwala amayamba walipira yekha ndalama yoyamba, imene mu 2025 inali $1,676. Koma dokotala wochita opaleshoni, ngakhale aichitire m'chipatala momwemo, bilu yake imapita ku Part B. Kujambula, kuyeza magazi, mankhwala a khansa olandirira ku kiliniki, makina osefa magazi impso zikafooka, zonsezo ndi Part B. Kwa munthu wa shuga ndi BP, zimene timaziopa kwambiri ndi impso, maso, mtima ndi zilonda za kumapazi, ndipo chithandizo chambiri cha zimenezi chili mbali yomweyo imene malume akufuna kuikana.

Pali kanjira kena kothawira, koma sindikufuna kuti mukadalire. Munthu wopeza zochepa akakhazikika ku America angathe kupempha thandizo lotchedwa Medicare Savings Program ku boma la dera limene akukhala. Akavomerezedwa, bomalo limamulipirira Part B, limamulowetsa ngakhale si nyengo yolembetsa, ndipo chindapusa chimachoka. Koma pali malire a ndalama zimene munthu amalandira, madera ambiri amayang'ananso chuma chimene ali nacho, ndipo mapepala amatenga nthawi. Munthu wodwala sayenera kukwera ndege akudalira zimenezo.

Kuti ndisakondere ana, ndinenenso chimene chimapweteka munthu akalembetsa ali kuno. Part B siilipira zonse. Munthu akalipira kandalama koyamba ka pachaka, kamene mu 2025 kanali $257, Medicare imalipira 80 peresenti, ndipo 20 yotsalayo ndi ya wodwala, popanda malire. Pa bilu ya ku America, 20 peresenti ikhoza kugulitsa nyumba ya ku Senga Bay. Ambiri amatseka dzenje limeneli ndi inshulansi yowonjezera yotchedwa Medigap. Tsono lamulo lake ndi lakuti pa miyezi 6 yoyambirira munthu wa zaka 65 atalowa mu Part B, kampani siingamukane kapena kumukwezera mtengo chifukwa cha matenda amene ali nawo. Mwayi umenewu umabwera kamodzi. Malume akalembetsa ali ku Salima, miyezi 6 ija idzatha ali konkuno, ndipo akadzapita kumeneko patsogolo kampani idzakhala ndi ufulu wowafunsa za shuga ndi BP n'kuwakana. Madera ena monga New York ndi Connecticut salola makampani kukana munthu nthawi ina iliyonse, koma ambiri amalola. Chotonthoza n'chakuti Medicare Advantage siikana munthu chifukwa cha matenda, ndipo ili ndi malire a ndalama zimene wodwala angalipire pachaka, choncho wobwerera ali ndi Part A ndi Part B angathe kulowera kumeneko. Komabe ana adziwe kuti $202.90 pamwezi siigula mtendere wonse.

Ndiye funso lenileni si la masamu. Khalani nawo pansi malume, makamaka pa khonde madzulo ana asali pa foni, muwafunse chonchi: dokotala wa ku Kamuzu Central atanena mawa kuti impso zayamba kufooka, kapena kuti pakufunika opaleshoni ya mtima, mudzapita kuti? Musavomere yankho la msangamsanga. Abambo athu akakhala bwino amakonda kunena kuti ine ndinabwera, ndidzafera kwathu. Ena amanenadi kuchokera pansi pa mtima. Koma ndaonapo ambiri amene zinthu zitavuta ana anangotumiza tikiti, ndipo iwo anakwera ndege osatsutsa. Afunseninso ana funso lomwelo paokha: bambo atadwala kwambiri, mudzawasiya kuno kapena mudzawatenga? Ngati yankho la ana ndi lakuti tidzawatenga, ndiye kuti chisankho chinapangidwa kale, kungoti sichinalankhulidwe.

Maganizo anga ndi awa. Munthu wa zaka 65, wa shuga ndi BP, wokhala ndi pasipoti ya America, ana ake ali ku Indiana ndipo amakawaona nthawi ndi nthawi, ine ndingati alembetse Novembala asanathe. Ndipo ngati amapitako chaka ndi chaka, Part B ija isangokhala, aziigwiritsa ntchito: aziyezetsa maso, impso ndi mtima ulendo uliwonse. Koma ndiwonjezere mawu kwa anawo. Amene akuumirira kuti bambo alembetse asaumirire ndi pakamwa pokha. Ndalamayi idzadulidwa ku penshoni ya bambo, ndiye anawo agwirizane kuti mwezi uliwonse azibweza yonse kapena theka. Nthawi zambiri kukana kwa kholo sikukhala kukana inshulansi, koma kukana kuti ena asankhe, iye ndiye alipire.

Ngati malume atsimikizadi kuti ku America sadzapitanso kukafuna chithandizo, ndipo ana avomereza, kukana Part B si uchitsiru. Chimene chingakhale cholakwika ndi kukana kenako ndalama ija n'kulowa m'malata, maukwati ndi zopempha za abale. Aitsegulire akaunti yakeyake, ndipo ngati n'kotheka ikhale m'madola. Tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama yosungira matenda siyenera kusungunuka usiku umodzi. Kuno kwathu tilibe inshulansi ya boma ya okalamba yofanana ndi Medicare. Zipatala za boma n'zaulere, koma aliyense amene anaperekezapo wodwala amadziwa kuti nthawi zina amakulembera mankhwala n'kukuuza kuti ukagule wekha. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, monga St Anne's ku Nkhotakota kapena Mua, zimalipiritsa. Kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo wodwala kwambiri sakwera minibasi, amafuna galimoto yahayala. Ngati akufuna kulowa sikimu ya zachipatala ya konkuno, afunse zinthu zitatu asanapereke ndalama, ndipo mayankho akhale olembedwa: kodi amalandira munthu wa zaka 65, kodi matenda amene ali nawo kale amadikira miyezi ingati asanayambe kulipiridwa, ndipo kodi amalipira chithandizo cha kunja kwa dziko mpaka ndalama zingati. Safunsa anadya phula.

Pali nzeru ina imene ndikudziwa kuti wina m'banjamo aitchula, ngati sanaitchule kale: kulembetsa adiresi ya mwana ku Indiana ngati kuti bambo akukhala komweko, kuti alowe Part D kapena Medicare Advantage, mankhwala azitumizidwa ndi anthu obwera kuno. Musayese. Ndi bodza lolembedwa pa mapepala a boma, ndipo zikadziwika kampani imamuchotsa munthu, mwinanso n'kufuna kuti abweze. Komanso a Social Security amatumiza kwa anthu okhala kunja fomu yotchedwa SSA-7162 yofuna kutsimikiza kuti akadali moyo ndiponso kuti palibe chasintha. Ikapanda kubwezedwa, penshoni imaimitsidwa. Choncho adiresi imene ali nayo ikhale yoona, ndipo bokosi la ku positi ofesi muzilitsegula kawirikawiri, chifukwa kalata yochokera kutali imatha kufika masiku oyankhira atatsala ochepa.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi wachibale wa nkhani yofanana, onani kaye mapepala ake. Zonse ndanenazi ndazinena chifukwa malumewa ndi nzika. Lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linachepetsa magulu a anthu obwera amene angalandire Medicare, ndipo kwa anthu a kwathu kuno amene atsala ndi nzika ndi okhala ndi green card, chiphaso cholola mlendo kukhazikika ku America. Tsono green card siikhalitsa m'thumba la munthu amene wakhazikika kunja. Akakhala ku Malawi kupitirira chaka popanda chilolezo chobwererera, akhoza kuonedwa ngati anaisiya. Woteroyo afunse loya wa za olowa ndi otuluka asanayambe kulipira Part B, kuopa kulipirira nyumba imene sadzaloledwa kulowamo.

Za kalembetsedwe, kalata imene yabwerayo ili ndi malangizo a mmene angayankhire ndi kumene angatumize. Ngati yasowa, fomu yopemphera Part B kwa munthu amene ali kale ndi Part A ndi CMS-40B, ndipo imapezeka pa intaneti. Nkhani za anthu okhala kunja zimayendetsedwa ndi maofesi otchedwa Federal Benefits Unit, ndipo pa webusaiti ya ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe mupezapo imene imatumikira Malawi. Chilichonse chimene mukutumiza chijambuleni ndi foni, ndipo mutumize m'njira yoti mukhale ndi lisiti yosonyeza tsiku. Mlandu wa kuchedwa ukadzabuka, lisitiyo ndiye mboni yanu. Nambala ya pa khadi la Medicare musaipereke kwa munthu woimba foni kapena wolemba pa WhatsApp kuti akuthandizeni, ngakhale atalankhula Chichewa n'kutchula mayina a ana onse.

Inu achemwali, ntchito yanu sabata ino ndi yaing'ono. Onani tsiku lobadwa pa pasipoti, lembani 30 Novembala pa kalendala ya pakhoma, kapena 31 Okutobala ngati anabadwa pa 1, kenako mupangane tsiku limene malume ndi ana onse adzakhale pa foni imodzi. Lamulungu cha m'ma 7 koloko madzulo ndi bwino, chifukwa ku Indiana kumakhala kuli masana ndipo ogwira ntchito usiku amakhala atadzuka.